ZIWENGO ZA PAKHUNGU ZOBWERA NDI TINSALU TONYOWA TOPUKUTIRA ANA

Mau oyamba

Amayi, masiku ano m'masitolo, m'magolosale ndi m'misika mukupezeka tinsalu tonyowa togulitsidwa m'mapaketi, timene ambiri amatitchula m'Chingerezi kuti ma wipes. Tinsalu timeneti timathandiza pa ulendo, m'basi, kutchalitchi ndi pamzere wa kusikelo, pamene mwana wadziyipitsira koma madzi palibe. Amayi ena amapukutiranso tinsalu totere kumaso kwao pochotsa zodzoladzola.

Ana ambiri amapukutidwa ndi tinsaluti popanda vuto lililonse. Koma alipo ana ena amene khungu lao limadana ndi mankhwala a m'tinsalumo. Mwana wotere amatuluka ziwengo, amadzikanda usiku wonse, sagona, ndipo amalira pokodza chifukwa mkodzo umamuwawa pa zilondapo. Mayi amagula mafuta awa ndi awo, ndalama n'kutha, koma zidzolo osatha, chifukwa chimene chikuyambitsa vutolo chikadali m'chikwama cha matewera. Choipa kwambiri n'chakuti mayi akaona zidzolo amaganiza kuti ukhondo wachepa, ndiye amawonjeza kupukuta ndi tinsalu tomweto.

Phunziro lino likufotokozerani zimene zili m'tinsalu timeneti, m'mene ziwengo zimayambira, m'mene mungazisiyanitsire ndi matenda ena a pakhungu, ndiponso zimene muyenera kuchita kunyumba ndi kuchipatala.

1. Khungu la mwana wamng'ono

Khungu ndilo mpanda wa thupi. Limasunga madzi a m'thupi kuti asatayike, ndipo limatchinga tizilombo ndi zinthu zoipa kuti zisalowe. Khungu la khanda ndi lopyapyala kuposa la munthu wamkulu, ndipo limapitiriza kukhwima m'chaka chonse choyamba cha moyo wake.

Malo obisika m'thewera ndiwo amavutika koposa. M'menemo mumatentha, mumanyowa ndipo simupita mphepo. Inu nomwe mukudziwa m'mene zala zanu zimafewera mukakhalitsa pochapa. Khungu la kumatako kwa mwana limafewa chimodzimodzi likakhalitsa m'thewera lonyowa. Khungu lofewa chotere limanyuka msanga, ndipo mankhwala alionse amene apakidwapo amalowa mosavuta.

Kumbukiraninso ichi: mukasambitsa mwana ndi sopo mumamutsukuluza ndi madzi, sopoyo n'kuchoka. Koma mukamupukuta ndi kansalu konyowa, madzi a m'kansaluko amatsalira pakhungu, inu n'kuvekapo thewera. Motero mankhwalawo amakhala pathupi la mwana maola ambiri, kangapo pa tsiku, tsiku ndi tsiku.

2. Kodi m'tinsalu timeneti muli chiyani?

Gawo lalikulu la zonyowetsa tinsaluti ndi madzi. Koma madzi okha sangachotse bwino mafuta ndi litsiro, ndiponso nsalu yonyowa ikakhalitsa m'paketi imachita chuku. Pa chifukwa chimenechi opanga amathiramo mankhwala a mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi mankhwala ogwirizanitsa madzi ndi mafuta. Mayi aliyense adziwa kuti madzi ndi mafuta sizisakanikirana. Mukathira mafuta ophikira m'madzi amayandama pamwamba. Koma mukatsuka mphika wa mafuta ndi sopo, mafutawo amasungunuka n'kupita limodzi ndi madzi. Sopoyo wagwira mafuta mbali ina ndi madzi mbali ina. Mankhwala ogwira ntchito yotere amatchedwa emulsifier m'Chingerezi. M'tinsalu tonyowa ndiwo amachititsa kuti mafuta ofewetsa khungu ndi mafuta onunkhira asakanikirane ndi madzi, ndiponso kuti chimbudzi cha mwana chichoke msanga. Ena mwa maina ao, monga amalembedwera pa paketi, ndi awa:

polysorbate 20;
PEG-40 hydrogenated castor oil, wochokera ku mafuta a nsatsi;
cetearyl alcohol;
sorbitan sesquioleate;
decyl glucoside, lauryl glucoside ndi coco glucoside, opangidwa kuchokera ku shuga wa zomera ndi mafuta a zomera monga kokonati;
lanolin, amene ndi mafuta a mu ubweya wa nkhosa.

Pamodzi ndi amenewa pamapezekanso propylene glycol, amene amasungunula mankhwala ena ndi kusunga chinyezi.

Mtundu wachiwiri ndi mankhwala oteteza tinsalu kuti tisaonongeke ndi chuku kapena tizilombo. Mwa amenewa, amene avutitsa anthu ambiri ndi methylisothiazolinone ndi mnzake methylchloroisothiazolinone. Maina ndi aatali, koma onse awiri amathera ndi mau akuti isothiazolinone, ndipo mukhoza kuwazindikira ndi mathero amenewa.

Mtundu wachitatu ndi mafuta onunkhiritsa, amene pa paketi amalembedwa kuti parfum kapena fragrance. Amenewa alibe ntchito iliyonse pa umoyo wa mwana. Amangokometsa fungo kuti wogula akopeke. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwa mitundu itatuyi, imene imabweretsa ziwengo kawirikawiri ndi yoteteza ndi yonunkhiritsa. Mankhwala ogwirizanitsa madzi ndi mafuta amawenga anthu ochepa, koma ndiwo ovuta kuwatulukira, chifukwa amapezekanso mu sopo wa madzi wosambitsira ana, m'mafuta odzola, ngakhalenso m'mankhwala ena opaka a zidzolo. Kotero mwana akhoza kuleka tinsalu koma n'kumakumanabe ndi mankhwala omwewo m'botolo la mafuta odzola. Komanso mankhwalawa, pochotsa litsiro, amachotsako pang'ono mafuta achibadwa a khungu, ndipo potero amatsegulira njira mankhwala ena kuti alowe.

3. M'mene ziwengo zimayambira

Thupi la munthu lili ndi asilikali ake olimbana ndi matenda. Ntchito yao ndi kuzindikira mdani ndi kumuthira nkhondo. Nthawi zina asilikaliwa amalakwitsa. Amatenga kanthu kosaopsa, monga mankhwala a m'kansalu, ngati mdani. Akatero amakasunga m'chikumbumtima, ndipo tsiku lililonse limene kanthuko kakhudza khungu amayamba nkhondo pamalopo. Nkhondo imeneyi ndiyo timaiona ngati zidzolo, kutupa ndi kuyabwa.

Pali zinthu zinayi zimene mayi ayenera kudziwa pa za ziwengo zotere.

Choyamba, ziwengo siziyamba tsiku loyamba. Thupi limatenga nthawi kuti liyambe kudana ndi mankhwalawo: mwina masabata awiri, mwina miyezi, mwinanso zaka. Choncho musanene kuti, "Tinsaluti ndakhala ndikumupukutira chibadwire, sitingakhale toyambitsa." Tikhoza kukhala tomweto.

Chachiwiri, thupi likayamba kudana ndi mankhwalawo, zidzolo sizituluka nthawi yomweyo. Zimaoneka patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Mwana wopukutidwa Lamulungu akhoza kutuluka zidzolo Lachiwiri, mayi ataiwala kale za kansalu kaja, nayamba kuganizira phala kapena nsomba imene mwana wadya dzulo.

Chachitatu, thupi siliiwala. Kawirikawiri munthu amene wawengedwa ndi mankhwala ena amakhala wotero moyo wake wonse. Zidzolo zimapola, koma akadzakumananso ndi mankhwalawo, ngakhale pang'ono, zimabwerera.

Chachinayi, ziwengo sizipatsirana. Mwana wa ziwengo akhoza kugona ndi kusewera ndi anzake. Nthendayi si ya ufiti, si tsempho, ndipo sibwera chifukwa chakuti makolo analakwira mwambo. Sisonyezanso kuti mayi ndi wauve. Pasakhale kulozana zala m'banja.

Ana amene khungu lao ndi louma ndi loyabwayabwa chibadwire, ndi ana amene ali kale ndi zilonda za thewera, ndiwo ayenera kusamalidwa koposa, pakuti mpanda wa khungu lao ndi wobooka kale.

4. Zimene zinachitika m'maiko ena

Vuto limeneli ndi lodziwika bwino kwa madokotala a khungu. M'chaka cha 2005 maiko a ku Ulaya a m'bungwe la European Union analola kuti methylisothiazolinone azithiridwa payekha m'zodzola. Patangopita zaka zochepa, anthu owengedwa ndi mankhwalawa anachuluka kwambiri m'maiko ambiri. M'chaka cha 2013 bungwe la madokotala a ku America lotchedwa American Contact Dermatitis Society linasankha mankhwalawa kukhala oyenera kuchenjezedwa koposa m'chakacho.

M'chaka cha 2014 madokotala a ku Connecticut, ku America komweko, analemba za ana 6 amene anali ndi zidzolo zosamva mankhwala kumatako, kuzungulira pakamwa ndi m'manja. Anawo anali atapatsidwa mankhwala osiyanasiyana osachira. Atapimidwa, onse anapezeka kuti akuwengedwa ndi methylisothiazolinone wa m'tinsalu topukutira. Makolo ataleka tinsaluto, zidzolo zinatha.

Kuyambira m'chaka cha 2017 maiko a European Union analetsa mankhwalawa m'zodzola zonse zimene zimatsalira pakhungu, kuphatikizapo tinsalu tonyowa. Lamuloli siligwira ntchito m'maiko onse. Katundu wa m'masitolo athu amachokera ku maiko osiyanasiyana, choncho mayi aziwerenga yekha zolembedwa pa paketi.

Bungwe lija la ku America linachenjezanso za mankhwala a mtundu wa glucoside m'chaka cha 2017, za propylene glycol mu 2018, ndi za lanolin mu 2023. Onani kuti glucoside amachokera ku zomera ndipo lanolin amachokera ku nkhosa. Apa tikuphunzirapo kuti chinthu chikhoza kukhala chachilengedwe koma n'kumuwenga munthu. Ngakhale chitedze ndi chachilengedwe.

5. Zizindikiro za ziwengo

Yang'anani malo amene kansalu kamadutsa. Malowa ndi matako, kuzungulira kotulukira chimbudzi, kumaliseche, m'ntchafu, kuzungulira pakamwa, m'masaya ndi m'manja. Mwana akakhala ndi zidzolo kumatako, pakamwa ndi m'manja nthawi imodzi, ganizirani za tinsalu, chifukwa malo atatuwa ndiwo amapukutidwa kawirikawiri.

Zimene mungaone ndi izi:

Kuyabwa kwambiri. Mwana wamkulupo amadzikanda, pamene khanda limangodzikhukhuza, kulira ndi kusowa tulo.

Tinsungu ting'onoting'ono tothithikana, nthawi zina timatuza totuluka madzi.

Khungu lotupa pang'ono ndi lotentha mukaligwira.

Kusintha kwa mtundu wa khungu. Pa mwana woyera khungu limafiira. Pa mwana wakuda kufiirako sikuoneka bwino, koma malowo amada kuposa pena ponse, kapena amatuwa ndi kunyezimira. Muziyang'ana mwana poyera masana, ndipo muzimukhudza ndi zala kuti mumve ngati khungu lakhakhala.

Vuto likakhalitsa, khungu limauma, limakhuthala, limasupuka ndi kung'ambika.

Dziyang'aneninso inu eni. Kawirikawiri mayi kapena mlezi wa mwana amayamba kuyabwa, kuuma ndi kung'ambika nsonga za zala za dzanja limene amagwirira kansalu. Amene amapukutira tinsalu kumaso akhoza kutupa ndi kuyabwa zikope, pakuti khungu la m'zikope ndi lopyapyala kwambiri.

Zidzolo zikapola pamatsala mawanga oyererapo kapena akuderapo. Musade nkhawa ndipo musapakepo kanthu kofuna kuwachotsa. Mawangawa amazimiririka okha pakapita miyezi.

6. Matenda ena ofanana ndi ziwengo

Si zidzolo zonse zimene zili ziwengo. Matenda otsatirawa amafanana nazo, koma chithandizo chake n'chosiyana.

Zilonda za thewera. Izi ndizo zimagwira ana ambiri. Zimabwera mwana akakhalitsa ndi mkodzo kapena chimbudzi m'thewera, makamaka pamene akutsegula m'mimba. Zimaoneka pamalo otundumuka amene amakhudzana ndi thewera, koma m'kati mwa mapindiko a khungu mumakhala bwino. Zimayamba kupola m'masiku atatu kapena anayi mukamasintha thewera pafupipafupi.

Zidzolo za mafangasi. Izi zimakonda m'mapindiko, monga m'mphechepeche, ndipo m'mbali mwake mumakhala timadontho tomwazikana. Nthawi zambiri mwana amakhalanso ndi zoyerayera m'kamwa. Zimafuna mankhwala akeake, monga nystatin kapena clotrimazole.

Mphere. Zimayabwa kwambiri usiku, zimapezeka pakati pa zala, pa mfundo za manja ndi m'khwapa, ndipo pa makanda zimafika m'zikhatho ndi kumapazi. Zimapatsirana, choncho ena m'nyumbamo amakhalanso akudzikanda. Banja lonse liyenera kulandira mankhwala.

Chikuku. Mwana amatentha thupi, amatsokomola, amachita chimfine ndi kufiira maso, kenaka zidzolo zimayambira kumaso n'kutsikira thupi lonse. Imeneyi ndi nthenda yoopsa, ndipo imapewedwa ndi katemera.

Kunyentchera kotupa. Mwana wosowa zakudya zoyenera amatupa mapazi, tsitsi limafiira ndi kuthothoka, ndipo khungu limasupuka ngati penti wakale, makamaka kumatako ndi m'miyendo. Mwana wotere afunika chipatala tsiku lomwelo.

Si ntchito yanu kudziwa motsimikiza nthenda imene mwana ali nayo. Ntchito yanu ndi kuona bwino ndi kukafotokoza bwino. Safunsa anadya phula.

7. Zoyenera kuchita kunyumba

Mukaganiza kuti mwana wawengedwa ndi tinsalu, chitani izi:

(a) Lekani tinsalu tonse. Musangosintha mtundu, chifukwa mitundu yambiri ili ndi mankhwala ofanana. Uzani onse amene amalera mwanayo, monga abambo ake, agogo, mlezi ndi aphunzitsi a kumkombaphala, kuti naonso aleke.

(b) Tsukani mwana ndi madzi oyera ofunda pang'ono, ndi kansalu kofewa ka thonje kapena dzanja lanu. Chitenje chakale chofewa, chochapidwa bwino ndi kudulidwa tizidutswa, chimakwanira. Mwana wamkazi mumutsuke kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti chimbudzi chisalowe m'njira ya mkodzo. Sopo mugwiritse ntchito pang'ono, wosanunkhira, pokhapokha mwana atachita chimbudzi, ndipo mumutsukuluze bwino.

(c) Pomuumitsa musakhule. Ingogunditsani nsalu youma pakhungu mofatsa.

(d) Mulekeni mwana akhale wopanda thewera kwa kanthawi, kangapo pa tsiku, atagona pa nsalu yoyera pamthunzi. Mphepo ndi mankhwala aulere.

(e) Sinthani thewera likangonyowa kapena kuipitsidwa. Khanda lifunika kusinthidwa pafupifupi maola awiri kapena atatu alionse.

(f) Pakani mafuta oyera a petroleum jelly, monga Vaseline wosanunkhira, kapena mafuta a zinc oxide. Mafutawa amatchinga khungu ku mkodzo ndi chimbudzi. Pewani mafuta odzola a madzimadzi ndi onunkhira, pakuti ndiwo amakhala ndi mankhwala ogwirizanitsa madzi ndi mafuta.

(g) Matewera a nsalu muwachape ndi sopo, muwatsukuluze kawiri kapena katatu, muwayanike pa chingwe padzuwa, ndipo muwasite. Kusita kumaphanso mazira a ntchentche zobweretsa mphutsi pakhungu.

(h) Wengani zikhadabo za mwana kuti asadzipweteke podzikanda.

(i) Sambani m'manja ndi sopo musanamugwire mwana ndiponso mukatha kumusintha thewera.

Mukakhala pa ulendo, tengani kabotolo ka madzi oyera, tizidutswa ta nsalu touma, ndi kajumbo koikamo tonyowa kuti mukachape kunyumba. Njira imeneyi siidya ndalama, ndipo ndalama imene mukanagulira tinsalu ikhoza kugula mazira kapena nsinjiro za m'phala la mwana.

Ngati vuto linali tinsalu, kuyabwa kumayamba kuchepa m'masiku ochepa, koma khungu limatenga masabata awiri kufikira anayi kuti lipole lonse. Musafulumire kutaya mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana akachira, musabwererenso ku tinsalu tija pofuna kuyesa.

8. Zosayenera kuchita

Musagule mankhwala opaka kwa ogulitsa a pamsika kapena a m'misewu. Mafuta ena amene amagulitsidwa a zidzolo kapena oyeretsa khungu ali ndi mankhwala amphamvu monga betamethasone ndi clobetasol. Pa khanda mankhwala otere amapyapyalitsa khungu, amakulitsa mafangasi, ndipo m'kati mwa thewera amalowa m'magazi n'kusokoneza thupi la mwana.

Musapake mankhwala otsala a munthu wina.

Musapake phulusa, dothi, mankhwala otsukira mano, spiriti kapena zitsamba pa khungu losupuka, ndipo musamuteme mphini mwana. Zimenezi zimalowetsa tizilombo m'zilonda.

Musathire paudala kapena ufa m'thewera. Zimaundana ndi chinyezi n'kumakhula khungu, komanso fumbi lake limavutitsa mapapo a mwana.

Musaleke kuyamwitsa, ndipo musamumane mwana mazira, nsomba kapena mtedza pongoganizira. Ziwengo za tinsalu sizichokera ku bere kapena ku chakudya. Mwana womanidwa zakudya amanyentchera, ndipo khungu lake limachedwa kupola.

9. Nthawi yopita kuchipatala

Pitani kuchipatala msanga, ngakhale usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

mwana watupa nkhope, milomo kapena lilime, kapena akubanika;
watentha thupi, wafooka, kapena akukana kuyamwa;
zilonda zatuluka mafinya, zikununkha, kapena zikufalikira mofulumira;
khungu lachita matuza aakulu kapena likusupuka kwambiri;
mapazi atupa;
mwana sanakwane miyezi iwiri ndipo ali ndi tinsungu ta mafinya.

Pitaninso ngati mwatsata malangizo onse a m'gawo 7 kwa sabata limodzi koma palibe kusintha, kapena ngati zidzolo zikubwererabwerera pamene sikelo ya mwana siikukwera.

Popita tengani buku la chipatala la mwana, paketi ya tinsalu, sopo ndi mafuta onse amene mumamudzoza. Auzeni a chipatala tsiku limene zidzolo zinayamba, malo amene zinayambira, zimene mwapakapo kale, ndiponso ngati wina m'nyumba akudzikanda. Musabise kanthu chifukwa cha manyazi.

A chipatala akaona kuti ndi ziwengo akhoza kukupatsani mafuta ofatsa a hydrocortisone 1%, opaka mopyapyala kwa masiku ochepa okha. Tsatani masiku amene akuuzani, osapitirira. Zilonda zikalowa tizilombo adzakupatsani mankhwala ena. Vuto likakula akhoza kukutumizani kwa madokotala a khungu ku zipatala zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Njira imene akatswiri a khungu amatsimikizira ziwengo zotere ndi yomata timankhwala pang'onopang'ono pamsana kwa maola 48, kenaka n'kuona tsiku lachitatu kapena lachinayi pamene khungu latupa. Koma kwa ana ambiri umboni wokwanira ndi wakuti tinsalu titalekedwa mwana anachira. Pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'buku lake, kuti aliyense wodzamuthandiza mtsogolo adziwe.

10. Ngati mukugulabe tinsalu

Mwana amene sanawengedwepo mukhoza kumupukuta ndi tinsalu pa ulendo, koma kunyumba madzi ndiwo oposa. Pogula samalani izi:

Tembenuzani paketi ndi kuwerenga pamene alemba kuti Ingredients. Mwa chizolowezi, chimene chili chochuluka chimalembedwa poyamba, ndipo kawirikawiri ndi aqua, kutanthauza madzi. Sankhani paketi ya maina ochepa. Ngati kuwerenga kukuvutani, funsani mwana wa sukulu, anamwino kapena alangizi a za umoyo.

Siyani paketi imene ili ndi dzina lothera ndi isothiazolinone, ndi imene ili ndi parfum kapena fragrance.

Musakhulupirire mau okopa a kutsogolo kwa paketi, monga natural, gentle, sensitive kapena hypoallergenic. Mau amenewa satsimikiza kuti mwana wanu sangawengedwe. Ngakhale paketi yolembedwa alcohol free ikhoza kukhala ndi cetearyl alcohol, pakuti ameneyu ndi wa mtundu wa mafuta, wosiyana ndi spiriti.

Musagule paketi yopanda mndandanda wa mankhwala, yobooka, yosuluka ndi dzuwa, kapena imene tsiku lake linapitirira.

Tinsalu tochotsera zodzoladzola ta akuluakulu, ndi tinsalu topukutira matebulo kapena zimbudzi, si ta ana. Musamupukute nato mwana.

Mukapukuta mwana pa ulendo, dikirani kuti khungu liume musanaveke thewera, ndipo mukafika kunyumba mumutsuke ndi madzi.

Tinsalu tambiri tili ndi ulusi wa pulasitiki ndipo sitiola msanga. Musatitaye m'chimbudzi cha madzi, pakuti timatseka mipope, ndipo musatitaye pabwalo kapena m'mbali mwa mtsinje pamene agalu, nkhumba ndi ntchentche zingatifikire. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo ngati cha munthu wamkulu. Chimbudzicho chitayeni m'chimbudzi, tinsaluto muike m'dzenje la zinyalala ndi kukwirira. Dziwaninso kuti kupukuta m'manja ndi kansalu sikulowa m'malo mwa kusamba m'manja ndi sopo.

Mau otsiriza

Amayi, inu ndinu amene mumaona thupi la mwana wanu tsiku lililonse, ndipo ndinu oyamba kuzindikira kanthu kakasintha. Mukaona zidzolo zoyabwa pamalo amene mumapukuta, lekani tinsalu, bwererani ku madzi oyera ndi nsalu yofewa, ndipo kafunseni kusikelo. Zimene mwaphunzira pano kauzeni anzanu a pamudzi, pachitsime ndi kumpingo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pitirizani kubwera ndi mwana kusikelo mwezi uliwonse kufikira atakwanitsa zaka 5, ndipo mumumalizitse katemera yense.

Mafunso okambirana pa gulu

1. N'chifukwa chiyani mankhwala a m'tinsalu amalowa mosavuta pakhungu la m'thewera?
2. Kodi mankhwala ogwirizanitsa madzi ndi mafuta amagwira ntchito yanji, ndipo amapezekanso m'zinthu ziti za m'nyumba?
3. Mwana wakhala akupukutidwa ndi tinsalu ta mtundu umodzi kwa miyezi 6 popanda vuto, koma tsopano watuluka zidzolo kumatako ndi pakamwa. Kodi tinsaluto tingakhale toyambitsa? Fotokozani.
4. Tchulani njira ziwiri zosiyanitsira mphere ndi ziwengo.
5. Mungakonzekere bwanji ulendo wa pa basi ndi mwana amene amawengedwa ndi tinsalu?
6. Tchulani zizindikiro zinayi zimene ziyenera kukuthamangitsani kuchipatala.
7. Mungawayankhe bwanji mwaulemu apongozi anu akanena kuti mwana wa zidzolo atemedwe mphini?